Kompyuta Ikapanda Kusunga Chithunzi cha pa Sikirini

Kaŵirikaŵiri vuto limeneli limadziŵika mochedwa. Kalaliki wa pa sukulu, kapena mlembi wa kalabu ya alimi, kapenanso mnyamata wofunsira malo ku koleji, amatsiriza kudzaza fomu pa intaneti, ndipo pa sikirini pamatuluka mawu omutsimikizira kuti zonse zalandiridwa, pamodzi ndi nambala ya umboni. Podziŵa kuti mawu oterewo sakhalitsa, iye amadina batani lojambulira zimene zikuoneka pa sikirini, chithunzi chimene ambiri amachitcha sikirinishoti, kenaka n'kutseka kompyuta mtima uli m'malo. Pakapita masabata aŵiri kapena atatu, a ku ofesi amamuuza kuti fomu yake sidafike, kapena kuti ndalama zimene adalipira sizikuoneka m'mabuku mwawo. Pamenepo amathamangira ku kompyuta kukatenga umboni uja, koma akatsekula foda ya zithunzi amapeza mulibe kanthu.

Ganizo loyamba limene limamufikira munthu wotere ndi lakuti kompyuta yawonongeka, kapena kuti yagwidwa ndi vairasi. Ena amainyamula kupita nayo kwa okonza, ndipo alipo okonza ena opupuluma amene mankhwala awo a matenda alionse ndi kufufuta zonse n'kuikamo Windows watsopano. Mwini wake amabwerera kunyumba atalipira ndalama, makalata ake a zaka zambiri atapita, vuto lija likadali pomwepo. Koma zoona zake n'zakuti nthaŵi zambiri palibe chimene chawonongeka. Mwina chithunzicho chidajambulidwa koma sichidasungidwe n'komwe. Mwinanso chidasungidwa bwinobwino, koma pa malo amene mwini wake sakuŵadziŵa. Kuwonongeka kwenikweni kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo nakonso sikulira kufufuta kompyuta yonse.

Kuti zimenezi zimveke, nkhani iyenera kuyambira pa batani lenilenilo. Kumtunda kwa kiyibodi, cha ku dzanja lamanja, kuli batani lolembedwa kuti Print Screen, kapena mwachidule PrtSc kapena PrtScn. Mawu a Chingerezi ameneŵa satanthauza kujambula kapena kusunga. Amatanthauza kusindikiza zimene zili pa sikirini. Batanili lidalipo kale pa kompyuta imene kampani ya IBM idatulutsa ku Amereka m'chaka cha 1981. Masiku amenewo sikirini inkaonetsa makamaka zilembo ndi manambala, mizere 25 ya zilembo 80 mzere uliwonse, ndipo batanili linkatumiza zilembozo ku pulinta kuti zituluke pa pepala. Pepalalo ndilo linkasunga zonse. Pamene Windows adafala, masikirini nadzaza ndi zithunzi za mitundumitundu, dzina la batani lidatsala lomwelo koma ntchito yake idasintha: m'malo mopita ku pulinta, chithunzi chidayamba kupita ku malo ena a m'kati mwa kompyuta otchedwa clipboard.

Malo ameneŵa ndiwo gwero la madandaulo ambiri. Nzeru ya kudula, kukopera ndi kumata mawu pa kompyuta adaikonza Larry Tesler ndi Tim Mott pa malo ofufuzira a kampani ya Xerox ku Palo Alto, m'chigawo cha California, cha pakatikati pa zaka za m'ma 1970, ndipo cholinga chake chidali chakuti munthu anyamule kanthu pano n'kukakaika apo, basi. Tsono clipboard si nkhokwe ayi. Aliyense amene adakhalapo m'kalasi amadziŵa kusiyana kwa bolodi ndi kope. Mphunzitsi amalemba samu pa bolodi, ana onse n'kuiona bwino lomwe. Koma ikakwana nthaŵi ya phunziro lina, bolodi limafufutidwa, ndipo wopindula ndi mwana yekhayo amene adakopera m'kope mwake. Kompyuta nayo ili ndi bolodi lake ndi kope lake. Bolodi ndi gawo lotchedwa RAM, limene limakumbukira zinthu pokhapokha magetsi akamayenda m'kati mwake. Kope ndi disiki, m'mene mumakhala mafayilo ndi mafoda. Kwa zaka zambirimbiri batani la Print Screen, likadinidwa lokha, linkalemba pa bolodi pokha, ndipo pa makompyuta ochuluka likutero mpaka lero. Munthu akangokopera chinthu china, ngakhale liwu limodzi, chithunzi chija chafufutika. Magetsi akathima, kompyuta ya pa tebulo imaiŵala nthaŵi yomweyo. Laputopu imapirira chifukwa cha batire, koma nayo ikazimitsidwa imaiŵala chimodzimodzi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ndi wa mphepo. Chithunzi chimene chili pa clipboard ndi fodya wa pa chala.

Munthu akazindikira msanga, asadakopere china chilichonse, chithunzicho chingathe kupulumuka. Atsekule pulogalamu ya Paint, adine mabatani a Ctrl ndi V pamodzi kuti chithunzi chimatike, kenaka adine Ctrl ndi S, achipatse dzina ndi kuchisankhira foda. Apo ndiye kuti chaloŵa m'kope. Kuyambira m'chaka cha 2018, Windows ali ndi njira yokumbukira zinthu 25 zomalizira kukopedwa, zimene zimaoneka munthu akadina V atagwira batani la Windows, lija lokhala ndi chizindikiro cha zenera la magawo anayi kumunsi kwa kiyibodi. Koma njirayi imafuna kuyatsidwa kaye, sikumbukira zimene zidachitika isadayatsidwe, ndipo kompyuta ikazimitsidwa zonse zimachoka kupatula zimene mwini wake adazikhomerera dala. Ndi bolodi lokulirapo chabe.

Njira yakuti kompyuta izisunga yokha idabwera mochedwa kwambiri, m'chaka cha 2012, ndi Windows 8, patapita zaka 31 kuchokera pa kompyuta ya IBM ija. Munthu akagwira batani la Windows, n'kudina Print Screen asadalisiye loyambalo, sikirini imada kamphindi ngati kuphethira kwa diso, ndipo chithunzi chimalembedwa pa disiki. Chimapita mu foda ya Screenshots, imene ili m'kati mwa foda ya Pictures, chili ndi dzina lakuti Screenshot lotsatiridwa ndi nambala. Ambiri amene amadandaula kuti kompyuta yaleka kusunga, akafunsidwa bwino, zimapezeka kuti amadina Print Screen yekha. Mwina adaphunzira poyang'anira mnzawo, ndipo adaona chala cha kumanja chikudina, koma cha kumanzere chimene chidali chitagwira batani la Windows sadachione. Kuphethira kujanso si mboni yodalirika, pakuti pa kompyuta imene zokometsera za kayendedwe ka mazenera zidazimitsidwa, sikirini siphethira, chikhalirecho chithunzi chikusungidwa. Mboni yeniyeni ndi foda.

Amene makompyuta awo akadali ndi Windows 7, monga ena mwa aja ogulidwa atagwira kale ntchito kwina, asadzivute kufunafuna, chifukwa njira imeneyi mulibemo. Kwa iwo njira ndi ya Paint ija, kapena pulogalamu ya Snipping Tool ngati ilimo, ndipo nayonso imafuna kuti munthu asunge yekha.

Laputopu ili ndi mwambo wakewake. Popeza malo ndi ochepa, batani limodzi limagwira ntchito ziŵiri, ndipo ngati mawu akuti PrtSc alembedwa m'zilembo zazing'ono, kapena za mtundu wina, kapena m'kabokosi, ndiye kuti pamalaputopu ambiri ntchitoyo imatuluka pokhapokha munthu atagwiranso batani la Fn. Zala zimakhala zitatu: Fn, Windows ndi PrtSc. Palinso mabatani ena ofanana ndi ameneŵa amene amasokoneza anthu. Alt ndi Print Screen amajambula zenera lokhalo limene likugwiritsidwa ntchito, koma amaliika pa bolodi basi. Windows, Alt ndi Print Screen pamodzi amasungadi chithunzi, koma kudzera mu pulogalamu ya Game Bar imene idakonzedwera oseŵera magemu, ndipo chimakagwera mu foda ya Captures m'kati mwa Videos, kumene munthu wofuna chithunzi sangaganize zoyang'anako. Ngati pali chikayiko chakuti batani lenilenilo lidafa ndi fumbi kapena tiyi wotayikira, munthu alembe zilembo zitatu, osk, pa malo ofufuzira a Windows. Pa sikirini padzatuluka kiyibodi yodina ndi mausi, ili ndi PrtScn wake. La pa sikirini likamagwira ntchito pamene lenileni silikuyankha, wodwala ndi kiyibodi, ndipo kiyibodi yolumikiza ndi chingwe cha USB imathetsa nkhani.

Zinthu zidasokonekeranso ndi kubwera kwa Windows 11 m'chaka cha 2021, ndipo apa m'pofunika kudekha. M'chaka cha 2022 kampani ya Microsoft idapatsa Snipping Tool mphamvu yosunga yokha zithunzi mu foda ya Screenshots, chimene chidali chinthu chabwino. Koma m'chaka cha 2023 idasinthanso khalidwe la batani la Print Screen. Pa Windows 11 batanili, likadinidwa lokha, silijambula nthaŵi yomweyo monga kale. Sikirini imada pang'ono, kumtunda kumatuluka kamzere ka zizindikiro, ndipo kompyuta imakhala ikudikira kuti munthu asonyeze ndi mausi gawo limene akufuna, kapena asankhe sikirini yonse. Apa pali msampha woopsa. Amene adazoloŵera kuphethira kuja, poona mdima amayesa kuti ntchito yatha, amadina Esc kuti mdimawo uchoke, n'kupitiriza zina. Palibe chimene chajambulidwa, kaya pa bolodi kaya m'kope. Kusintha batani limene anthu adalizoloŵera kwa zaka makumi angapo sikudali kopanda zifukwa, koma amene adalipira mtengo wake ndi anthu amene sadauzidwe.

Wofuna kuti batanili libwerere ku khalidwe lake lakale apite ku Settings, afufuze gawo la Keyboard, ndipo azimitse mzere wotchula Print screen. Wofuna kukhala ndi khalidwe latsopanoli, koma zithunzi zake sizikusungidwa, atsekule Snipping Tool, adine timadontho titatu ta kumtunda ku dzanja lamanja, aloŵe mu Settings, ndipo ayang'ane mzere woyamba ndi mawu akuti Automatically save, wonena za screenshots. Ukakhala wozimitsa, ndiye gwero la vuto lonse, ndipo kuuyatsa sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Ziyenera kudziŵika kuti mzere umenewu ndi wa Windows 11. Pa Windows 10, munthu akajambula ndi mabatani a Windows, Shift ndi S, chithunzi chimapita pa bolodi, ndipo kumunsi ku dzanja lamanja kumatuluka kauthenga. Ayenera kudina kauthengako ndi kusunga chithunzicho ndi manja ake, apo ayi chapita.

Tsono pali anthu ena amene amadina mabatani oyenera, sikirini n'kuphethira bwinobwino, koma foda imakhalabe yopanda kanthu. Kwa iwo chithunzi chilipo ndithu, koma chidasamuka. Wosamutsa wamkulu ndi OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti. Munthu akaloŵa mu Windows ndi akaunti ya Microsoft n'kuvomera kuti mafoda ake azisungidwanso kumeneko, ndipo ambiri amavomera osaŵerenga, foda ya Pictures imasamutsidwira m'kati mwa foda ya OneDrive, ndipo ya Screenshots imatsatira komweko. Kompyuta imatha kukhala ndi mafoda aŵiri a dzina limodzi, ina yakale yopanda kanthu, ina yatsopano yodzaza. Njira yachidule yodziŵira foda imene Windows akuigwiritsa ntchito ndi iyi: munthu adine Windows ndi R, ndipo m'kabokosi kamene katuluke alembe shell:Screenshots, ndiye kuti liwu lakuti shell, timadontho tiŵiri toimirira, ndi liwu lakuti Screenshots, popanda mpata pakati, kenaka adine Enter. Foda yeniyeniyo idzatseguka kulikonse kumene ili, ndipo njira yake idzaoneka kumtunda kwa zenera.

Nkhani ya OneDrive ili ndi mbali zina zofunika kuziganizira. Malo aulere kumeneko ndi magigabaiti 5, ndipo akadzaza, mafayilo atsopano amaleka kukwera. Chithunzi chilichonse chokwera chimadya bandulo, chimene wogula bandulo ya sabata sangachinyoze. Fayilo imene pambali pake pali kachizindikiro ka mtambo ili pa intaneti pokha, ndipo sitseguka netiweki ikasoŵa, ngakhale dzina lake likuoneka. Komanso chithunzi cha nambala ya akaunti ya ku banki kapena cha chiphaso chikakwera, aliyense wodziŵa mawu achinsinsi a akauntiyo angathe kuchiona ali kutali. Izi sizitanthauza kuti OneDrive ndi woipa, pakuti kompyuta ikabedwa zithunzizo zimapulumuka chifukwa cha iye yemweyo. Koma mwini wake ayenera kudziŵa kumene katundu wake akugona.

Mapulogalamu ena ojambulira, monga Lightshot ndi Greenshot, akaikidwa mu kompyuta amalanda batani la Print Screen kukhala lawo, ndipo amasunga potsata malamulo awo. Zizindikiro zawo zimabisala kumunsi pafupi ndi wotchi. Kutseka pulogalamu yotere n'kuyesanso kujambula kumaonetsa msanga ngati ndiyo ikulanda.

Kuwonongeka kwenikweni kumadziŵika pamene mawu aja akuti shell:Screenshots akanika kutsekula foda, kompyuta n'kunena kuti malowo sakupezeka. Windows amasunga adiresi ya foda ya Screenshots, ndipo adiresiyo ingathe kusinthidwa. Wina, pofuna kupeputsa disiki, amasamutsira fodayo pa fulashi kapena pa disiki ina, kenaka fulashiyo imazulidwa, kubwerekedwa kapena kutayika. Nthaŵi zina ili pomwepo, koma chilembo chake chasintha, popeza fulashi imene lero ikutchedwa E maŵa ingathe kutchedwa F ngati ina yaloŵa patsogolo pake. Windows amapitirizabe kutumiza zithunzi ku adiresi yakale, ngati wamtengatenga wopereka makalata pa bwinja. Kukonza kwake n'kwakuti fulashi ija ibwezedwe pamalo pake, munthu adine foda ya Screenshots ndi batani la kumanja la mausi, asankhe Properties, kenaka Location, kenaka Restore Default, ndipo avomere kompyuta ikafunsa ngati ipange foda yatsopano ndi kusamutsiramo zithunzi zakale.

Fulashiyo ikakhala kuti idatayikiratu, adiresi imakonzedwa m'kaundula wa m'kati wa Windows wotchedwa Registry, pa gawo la User Shell Folders, pa mzere wa dzina lalitali loyamba ndi B7BEDE81. Mzere umenewo uyenera kuloza ku Screenshots wa m'kati mwa Pictures wa mwini kompyuta. Iyi si ntchito ya wophunzira kumene, chifukwa kulakwitsa m'kaundulamo kungathe kulemaza zinthu zina zimene zidali bwino, ndipo wodziŵa ntchito amayamba wasunga kope la gawolo asadakhudze kanthu. Komabe n'kothandiza kuti mwini kompyuta adziŵe dzina la matendaŵa, kuti akafika kwa wokonza anene chimene akufuna, ndipo akamva mawu akuti tifufute zonse, akane.

Zotsala n'zazing'ono. Disiki ikadzaziratu, palibe chimene chingalembedwe. Pa This PC mzere wa disiki umafiira malo akatsala ochepa, ndipo ndilo chenjezo lakuti mavidiyo akale achoke. Mu Windows Security muli chitetezo chotchedwa Controlled folder access, chimene chimaletsa mapulogalamu osadziŵika kulemba m'mafoda monga Pictures ndi Documents, poopa mavairasi aja otsekera anthu mafayilo n'kumafuna dipo. Chikayatsidwa, chingathe kutsekereza pulogalamu yojambulira yochokera kwina, ndipo chanzeru ndi kuipatsa chilolezo pulogalamu yokhayo, osati kugwetsa mpanda wonse. Pa makompyuta a ku ntchito, oyang'anira amatha kuletsa dala kujambula, ndipo pamenepo chofunika ndi kufunsa, osati kukonza. Chimodzimodzinso chithunzi chikatuluka chakuda bii pojambula kanema wa Netflix, kapena foni ikakana kujambula pulogalamu ya banki: eni ake adatseka dala.

Makompyuta a Apple adayamba kale kusunga okha, pakuti ngakhale Macintosh woyamba wa m'chaka cha 1984 ankalemba chithunzi pa disiki munthu akadina Command, Shift ndi 3. Lero chithunzi chotere chimagwera pa Desktop. Koma chala chikagwiranso Control, chithunzicho chimapita pa bolodi basi. Ndipo kuyambira m'chaka cha 2018, mabatani a Command, Shift ndi 5 amatsekula malo otchedwa Options, pamene munthu amasankha kosungira. Wina akasankha Clipboard pamenepo, kompyuta imakumbukira chisankhocho mpaka chitasinthidwa.

Nanga kalaliki uja, amene wapeza kuti chithunzi chake chidali pa bolodi ndipo bolodilo lidafufutidwa masabata atatu apitawo? Chithunzicho sichingabwerenso, ndipo wina akalonjeza kuchitulutsa pa mtengo wakutiwakuti, akungofuna ndalama, pakuti chimene sichidalembedwe pa disiki sichisiya mapazi. Koma umboni suthera pa chithunzi. Ayang'ane mu imelo yake, ndi mu foda ya Spam yomwe, popeza mafomu ambiri amatumiza kalata yotsimikizira. Ayang'ane mauthenga a pa foni ngati adalipira kudzera pa foni kapena ku banki, ndipo apemphe sitetimenti ya tsikulo. Adine Ctrl ndi H m'pulogalamu yake ya intaneti kuti aone tsiku ndi nthaŵi imene adatsekula tsambalo. Aloŵenso mu akaunti imene adadzazira fomu, chifukwa kaŵirikaŵiri nambala ija imakhala ikadali momwemo. Ndiponso a ku ofesi safuna kwenikweni chithunzi, chimene aliyense wodziŵa Paint angathe kuchisintha. Amafuna nambala, kuti akaiyang'ane m'mabuku mwawo.

Tsiku lina akadzafikanso pa tsamba lotero, asadalitseke adine Ctrl ndi P, ndipo pa malo osankhira pulinta asankhe Microsoft Print to PDF, imene ilimo mu Windows kuyambira m'chaka cha 2015. Kompyuta idzamufunsa dzina la fayilo ndi foda yoikamo, ndipo idzasunga tsamba lonse, ndi mbali yomwe imene sidali kuoneka pa sikirini. Akatero atsekule fodayo aione fayiloyo ndi maso, kenaka atenge cholembera alembe nambala ija, ndi tsiku lake, m'buku la ofesi.